Kudya Zakudya Zenizeni za Aperisiya Muli pa Ulendo ku Iran

Alendo ambiri opita ku Iran amadya kabab masana, kabab madzulo, mpaka tsiku lokwera ndege yobwerera, kenako n'kumauza anzawo kuti Aperisiya, anthu a kumeneko, amangodziwa nyama yootcha ndi mpunga basi. Vutoli lili ndi gwero lake. Mabanja a kumeneko amaphika ndiwo zamsuzi pakhomo, ndipo akaganiza zokadya kunja amafuna chomwe n'chovuta kukonza m'nyumba, chomwe ndi nyama yootcha pa makala. Eni malo odyera nawo amagulitsa chimene makasitomala akubwerera. Kabab wawo ndi wokoma, zimenezo sindikutsutsa, koma luso lalikulu la ophika a dzikoli lili mu mphika wowira maola ambiri pa moto wochepa, m'kaphikidwe ka mpunga, ndi m'zakudya zomwe chigawo chilichonse chimanyadira. Zimenezi sizidzabwera zokha pa tebulo panu. Muyenera kudziwa nthawi yake, malo ake, ndi dzina loti mutchule.

1. Konzani za ndalama ndi zovala njala isanakugwireni

Makhadi a Visa ndi Mastercard sagwira ntchito ku Iran chifukwa cha zilango za zachuma zomwe mayiko ena anaika pa dzikoli. Nyamulani ndalama m'manja, madola kapena mayuro, mapepala abwino osang'ambika, ndipo mukafika mukasinthe ku mashopu ovomerezeka osinthira ndalama omwe amawatcha sarrafi.

Ndalama ya boma ndi rial, koma anthu polankhula amawerengera mu toman. Toman imodzi ndi ma rial 10. Mitengo ya pa menyu kawirikawiri imakhala mu toman, ndipo poti manambala ake ndi aataliatali, ambiri amadula maziro atatu a kumapeto. Mukaona 300 pambali pa dzina la chakudya, n'kutheka akutanthauza matoman 300,000, omwe ndi ma rial 3,000,000. Funsani musanaitanitse. Kungoloza mtengowo n'kunena kuti "toman?" kwakwanira. Mitengo imakwera msanga m'dzikoli, choncho musadalire zimene anakuuzani munthu amene anapitako chaka chatha.

Muli m'ndege momwemo, lowezani manambala awo: ۰ ndi 0, ۱ ndi 1, ۲ ndi 2, ۳ ndi 3, ۴ ndi 4, ۵ ndi 5, ۶ ndi 6, ۷ ndi 7, ۸ ndi 8, ۹ ndi 9. Mawu a Chiperisiya amawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, koma manambala amayenda monga mmene tinazolowerera. Malo ambiri ophika bwino alibe menyu ya Chingerezi, ndiye ngakhale zilembo zikukanikeni, mtengo wokha muziuona.

Lamulo la dzikoli limafuna kuti amayi avale mpango kumutu ndi zovala zomasuka zobisa mikono ndi miyendo paliponse pamene pali anthu, ngakhale m'lesitilanti. Abambo asavale kabudula. Mowa unaletsedwa boma litasintha mu 1979, choncho musaufunse, mungaike woperekera zakudya m'mavuto pamodzi ndi inu nomwe. Nyama ya nkhumba kulibe, ndipo nyama ya m'malo odyera ndi ya halaal. Za visa ndi mmene mtendere ulili m'dzikolo, fufuzani musanagule tikiti.

2. Dziwani kuti chakudya chachikulu ndi nkhomaliro

Aperisiya amadya cholemera masana, kuyambira cha m'ma 12 koloko mpaka 3 koloko. Ndiwo zamsuzi zimakhala zili pamoto chiyambire m'mamawa, ndipo zikatha zatha, palibe angakuphikireni zina pompopompo. Wofika 4 koloko amauzidwa kuti kwatsala kabab yekha. Konzani tsiku lanu kuti pamene ikukwana 1 koloko mukhale muli pa tebulo, nyumba zakale ndi mizikiti mukaone m'mawa kapena dzuwa litapendeka. Usiku anthu amadya mochedwa, 8 koloko kapena 9 koloko, ndipo wopita 6 koloko amapeza mipando yokhayokha.

Ku hotela kadzutsa amakhala buledi, tchizi choyera chamchere, nkhaka, tomato, uchi kapena jamu, ndi tiyi. N'zabwino ndithu, koma tsiku limodzi mulawirire kukafuna halim. Limeneli ndi phala la tirigu lophikidwa usiku wonse ndi nyama mpaka zonse zitasungunukirana, ndipo pamwamba amathira mafuta, sinamoni ndi shuga, ena amakonda mchere. Olimba mtima akayese kaleh pacheh, mutu ndi mang'ina a nkhosa zowiritsidwa usiku wonse. Mashopu ake amatsegula kusanache, ndipo mumasankha chiwalo chomwe mukufuna, lilime, tsaya, ubongo kapena mwendo. Oyamba kumene ayambire lilime ndi tsaya, afinyirepo mandimu.

Tsiku lopuma ndi Lachisanu, ndipo masana ake malo odyera amadzaza ndi mabanja pamene mashopu ambiri a m'misika amakhala otseka. M'mwezi wa Ramadani kudya kapena kumwa pagulu dzuwa lili kunja n'koletsedwa, malo ambiri amatseka mpaka madzulo, ngakhale mahotela ena amadyetsa apaulendo mkati. Koma dzuwa likangolowa mudzapeza halim, supu ya ash reshteh ndi zotsekemera za zoolbia ndi bamieh pafupifupi msewu uliwonse. Pa Nowruz, chaka chatsopano chawo chomwe chimayamba pa 20 kapena 21 Malichi, anthu amayenda kwambiri, mizinda ngati Shiraz ndi Isfahan imadzaza, ndipo chakudya cha nyengoyo ndi sabzi polo ba mahi, mpunga wa masamba onunkhira ndi nsomba.

3. Sankhani malo molingana ndi chimene mukufuna kudya

Malo ambiri akale amaphika chinthu chimodzi chokha, ndipo amenewo ndiwo ndimawakhulupirira kuposa okhala ndi menyu ya masamba ambirimbiri. Wogulitsa dizi, msuzi wa nyama ya nkhosa ndi nyemba wophikidwa m'kamphika, amagulitsa dizi basi. Wa supu ali ndi miphika ikuluikulu ya supu. Jigaraki amaotcha chiwindi, mtima ndi impso za nkhosa pa tizitsulo, mumadya ndi buledi, mchere ndi mandimu.

Kuti mupeze ndiwo zamsuzi, funsani kuhotela kapena woyendetsa takisi za ghaza-ye khanegi, chakudya chophikidwa monga cha pakhomo. Malo oterewa amakhala osaoneka bwino kunja, amadyetsa anthu ogwira ntchito m'maofesi ndi m'mashopu, ndipo ena amasintha ndiwo tsiku ndi tsiku. Misika ikuluikulu yakale nayonso sikhumudwitsa, chifukwa amalonda amadya momwemo tsiku lililonse ndipo wophika moipa sakhalitsa. M'mphepete mwa msika waukulu wa Tehran muli lesitilanti yotchuka ya Moslem, yomwe anthu amaima pamzere wautali kudikira tahchin, mpunga wootcha wokhala ndi nkhuku mkati. M'malo odzaza chonchi mumayamba mwalipira pa kauntala, n'kulandira kapepala, n'kukakhala paliponse pamene pali mpata, ngakhale pakati pa anthu osawadziwa. Mukatha kudya mudzuke, ena akudikira mpandowo.

Pali malo enanso otchedwa sofreh khaneh kapena restoran-e sonnati, okongoletsedwa mwachikale. Ku Kashan, Yazd, Shiraz ndi Isfahan ambiri ali m'nyumba zakale zokhala ndi bwalo ndi kadziwe pakati, ena m'mabafa akale a anthu onse. Kumeneko mumakhala pa takht, bedi lalikulu lamatabwa loyalidwa kapeti ndi mapilo otsamira. Vulani nsapato musanakwerepo, khalani mopinda miyendo, ndipo musaloze mapazi kwa anzanu kapena ku chakudya. Mawondo akamavuta, pemphani tebulo ndi mpando, alipo. Chenjezo langa n'lakuti kukongola kwa nyumba sikuphika. Suzumirani kaye muone ngati mabanja a komweko akudyamo. Kumpoto kwa Tehran, ku Darband, malo otere andandalika m'mbali mwa kamtsinje kotsika m'mapiri a Alborz, ndipo n'koyenera kupitako madzulo a nyengo yotentha.

4. Zoyamba kufika pa tebulo

Buledi amabwera musanapemphe. Sangak ndi wautali, wa ufa wa tirigu wosapunthidwa kwambiri, ndipo amaphikidwa pa timiyala totentha. N'chifukwa chake muzimutembenuza kaye kuona ngati kamwala sikanakakamire, kangakuthyoleni dzino. Barbari ndi wonenepa, wa mizeremizere, wokoma m'mawa. Lavash ndi wopyapyala kwambiri, taftoon wozungulira ndi wofewa. Mukadutsa pamene akuphika buledi n'kuona mzere, imani nawo mugule wamoto.

Kenako pamabwera sabzi khordan, mbale ya masamba aawisi onunkhira monga basil, minti ndi tarragon, pamodzi ndi anyezi wamasamba ndi tiradishi tofiira. Alendo ambiri amayesa zokongoletsera n'kuzisiya. Tsinani masamba angapo muponye m'kamwa pakati pa masupuni a mpunga, kapena muwakulunge m'buledi ndi tchizi. Amatsuka mafuta m'kamwa, chakudya n'kuyambanso kukoma. Ntchito yomweyo imagwiridwa ndi torshi, ndiwo zamasamba zosungidwa mu viniga, ndi mast-o-musir, yogati wolimba wosakaniza ndi mtundu wa anyezi wakuthengo. Saladi ya Shirazi ndi nkhaka, tomato ndi anyezi zoduladula ting'onoting'ono, zothira madzi a mphesa zosapsa kapena mandimu. Zina mwa izi, makamaka zobwera m'timakontena totseka, zimalowa pa bilu mukatsegula. Zomwe simukufuna, bwezani.

Mpeni simudzauona kawirikawiri. Supuni igwireni kumanja, foloko kumanzere yokankhira chakudya pa supuni. Nyama yake imakhala yofewa moti imaduka ndi m'mphepete mwa supuni.

5. Itanitsani mpunga ndi khoresh

Apa ndiye pali nkhani. Mpunga woyera amautcha chelow. Amauviika m'madzi amchere, kuuwiritsa pang'ono, kuutsanula madzi, kenako n'kuubwezera mu mphika kuti upse ndi nthunzi, chivundikiro atachikulunga nsalu kuti madontho asagweremo. Umatuluka njere iliyonse payokhapayokha, pamwamba atawazapo wina wachikasu wonyikidwa mu safironi, chokometsera chonunkhira chochokera ku maluwa. Iran ndi imene imalima safironi wochuluka kwambiri pa dziko lonse, makamaka m'chigawo cha Khorasan, motero fungo lake mudzakumana nalo mu mpunga, mu nkhuku, ngakhale mu ayisikilimu.

Pansi pa mphika pamapangika tahdig. Amene anakulira kukanganirana nkhoko za nsima adzamvetsa msanga chifukwa chake mabanja a ku Iran amalimbirana kachigamba kofiirira, kokhukhuluza kameneka. Ena amayala buledi wa lavash kapena mbatatesi zodula pansi pa mphika kuti ndizo zikhale tahdig. M'malesitilanti ambiri sabweretsa mukapanda kupempha, ndipo imatha msanga. Nenani kuti "tahdig darid?" Ngati ilipo, thiranipo msuzi pang'ono mudye isanafewe.

Khoresh ndi ndiwo yamsuzi wokhathamira yomwe imabwera m'mbale yakeyake. Musakhuthulire yonse pa mpunga. Tungani supuni ziwiri kapena zitatu, thirani mbali imodzi ya mpunga, idyani, kenako muonjezere.

Yambani ndi ghormeh sabzi. Ndi masamba ambiri, parsley, coriander, fenugreek ndi anyezi wamasamba, odulidwa mosalala n'kukazingidwa mpaka atada, kenako n'kuphikidwa ndi nyama ya nkhosa, nyemba zofiira ndi mandimu ouma. Maonekedwe ake sakopa, ndi yobiriwira modera ndipo mafuta amayandama pamwamba, koma kwa eni ake mafuta amenewo ndiwo umboni woti yapsa mokwanira. M'mbalemo mudzapeza kampira kabulauni kofewa. Limenelo ndi ndimu louma, limoo amani. Likanikizeni ndi supuni kuti madzi ake owawasa alowe mu msuzi. Ena amadya khungu lake, koma nthanga zake n'zowawa.

Fesenjan ndi nkhuku kapena bakha wophikidwa mu mtedza wa walnut wopera ndi madzi a makangaza owiritsidwa mpaka kulimba. Ndi yakuda, yolemera, ndipo kumpoto amaikonda yowawasa pamene m'madera a pakati amaonjezerako shuga. Mungafunse kuti "torsh ya shirin?", kutanthauza yowawasa kapena yotsekemera. Ine ndimati yowawasayo ndiyo imaonetsa bwino kukoma kwa mtedzawo. Gheimeh ndi nyama yodula ting'onoting'ono ndi nandolo zachikasu zosenda, tomato ndi mandimu ouma, pamwamba pali titchipisi topyapyala. M'mwezi wa Chisilamu wa Muharram ndiyo imaphikidwa kwambiri m'miphika ikuluikulu n'kugawidwa ulere m'misewu monga chopereka chotchedwa nazri. Akakupatsani, landirani ndi manja awiri, sasankha chipembedzo.

Mpunga wosakaniza ndi zina umatchedwa polo. Zereshk polo ba morgh, nkhuku ndi mpunga wothira tizipatso tofiira towawasa, imapezeka pafupifupi paliponse ndipo ndi pothawira pabwino kabab akakukwanani. Baghali polo ba mahicheh ndi mpunga wa masamba a dill ndi nyemba zikuluzikulu zobiriwira, wodyera mwendo wa nkhosa wophikidwa mpaka nyama kusiyana ndi fupa. Ndi wokwera mtengo, koma ngati muti mudzisangalatse kamodzi pa ulendo wonse, sankhani ameneyu. Tahchin ndi mpunga wosakaniza yogati, dzira ndi safironi, wootchedwa mpaka kugwirana, nkhuku ili pakati.

Mbale zake zimakhala zazikulu. Anthu awiri angathe kuitanitsa khoresh imodzi, polo mmodzi ndi kena kakang'ono, n'kumagawana. Chotsala kupempha kuti akuikireni m'kontena si zamanyazi.

6. Dizi ali ndi kadyedwe kake

Dizi, yemwe amatchedwanso abgoosht, ndi chakudya chakale cha anthu ogwira ntchito zolimba: nyama ya nkhosa ya pafupa, tchana, nyemba zoyera, mbatatesi, tomato, anyezi, ndimu louma ndi chidutswa cha mafuta a kumchira wa nkhosa, zonse zophikidwa maola ambiri m'kamphika kamwala, kadothi kapena kachitsulo. Aliyense amalandira kamphika kake, mbale yopanda kanthu, buledi, ndi kamunsi kachitsulo. Wosadziwa amangopisa supuni m'kamphikamo, n'kudya mosasangalala.

Kamphikako kamatentha kwambiri, choncho kagwireni ndi kopanira komwe akupatsani kapena ndi chidutswa cha buledi. Tsanulirani msuzi wokhawokha m'mbale, zolimba muzitchinge ndi supuni kapena kamunsi kaja kuti zitsale. Nyemanyemani buledi tizidutswa ting'onoting'ono, ponyani mu msuziwo, dikirani pang'ono kuti amwe, ndipo idyani ndi supuni. Gawo loyambali amalitcha tilit. Okonda mafuta amayamba asinja chidutswa cha kumchira chija ndi anyezi pansi pa mbale asanathire msuzi. Ngati mafuta simugwirizana nawo, chotsani muike pambali.

Mukatha msuzi, chotsani mafupa onse m'kamphika, muonetsetse kuti sipanatsale kafupa. Kenako sinjani nyama, nyemba ndi mbatatesi ndi kamunsi mpaka zigwirane. Chosinjacho chitapeni ndi buledi, mulume anyezi wamuwisi, masamba ndi torshi. Mukaona kuti zikukusokonezani, kodolani woperekera zakudya, adzakuchitirani mokondwa. Dizi ndi wa masana, ndipo mukatha kudya mudzafuna pogona, ndiye musakonze zoyenda mtunda wautali nthawi yomweyo.

7. Kabab naye mumudye bwino

Koobideh ndi nyama yogaya yosakaniza anyezi, ndipo ndiye wotsika mtengo komanso woyesera luso la wootcha: akhale wofewa, wamadzimadzi, wosauma. Barg ndi nyama yosalala yodulidwa mopyapyala, soltani ndi mbale yokhala ndi barg ndi koobideh pamodzi, joojeh ndi nkhuku yonyikidwa mu safironi, mandimu ndi anyezi. Mbale ikangofika, kwirirani batala mu mpunga wamoto kuti asungunuke, phwanyani tomato wootcha musakanize ndi mpungawo, ndipo pa nyama wazani somagh, ufa wofiirira wowawasa womwe umakhala pa tebulo pafupi ndi mchere. Ku Shandiz, pafupi ndi Mashhad, kumadziwika ndi shishlik, nthiti za nkhosa zootcha.

8. Mzinda uliwonse, funsani chakwawo

Mukafika ku Isfahan, funani beryani. Musayembekeze mpunga wa biriyani wa Amwenye, muno mulibe mpunga. Ndi nyama ya nkhosa yophika, yogayidwa, yokazingidwa m'kachiwaya kakang'ono ndi sinamoni, yoikidwa pa buledi wonyowa ndi mafuta ake, kawirikawiri ndi mapapo ogaya pambali. Amagulitsa masana okha. Komweko kuli khoresh-e mast, yachikasu, yozizira ndi yotsekemera, ya yogati ndi safironi, yomwe mkati mwake muli nyama yosinja ngakhale simungaione.

Ku Shiraz idyani kalam polo, mpunga wa kabichi ndi masamba onunkhira wokhala ndi timipira ta nyama, kenako mupite kuseri kwa linga la Karim Khan kumene kuli mashopu a faloodeh, tizingwe topyapyala toyera m'madzi oundana a shuga ndi maluwa a rozi. Thiranimo madzi a mandimu, popanda amenewo imatsekemera mopitirira. Ku Tabriz kuli koofteh Tabrizi, mpira waukulu wa nyama, mpunga ndi nandolo, mkati mobisika zipatso zouma, mtedza, nthawi zina dzira. Yazd ndi kwawo kwa zotsekemera monga qottab, baghlava ndi pashmak, Qom kuli sohan, Isfahan kuli gaz.

Koma amene wapita ku Iran chifukwa cha chakudya asalephere kukafika ku Gilan, m'mphepete mwa nyanja ya Caspian. Bungwe la UNESCO linaika mzinda wa Rasht m'gulu la mizinda yodziwika ndi luso la zakudya mu 2015. Kumeneko kumagwa mvula yambiri, amalima mpunga ndi tiyi, ndipo amaphika ndi adyo wambiri, masamba ndi zowawasa. Mirza ghasemi ndi mabiringanya ootcha pamoto mpaka kununkhira utsi, osakaniza adyo, tomato ndi mazira. Baghala ghatogh ndi nyemba zophika ndi dill, adyo ndi mazira. Kabab torsh amamunyika m'makangaza ndi walnut asanamuotche, ndipo zeytoon parvardeh ndi maolivi okutidwa ndi zomwezo. Mpunga wa kumeneko, kateh, amaphika mosatsanula madzi.

Zakudya zambiri za Aperisiya zilibe tsabola wowawa. Wolakalaka tsabola atsikire kumwera, ku Bushehr, Bandar Abbas kapena Ahvaz, akadye ghalieh mahi, nsomba yophikidwa mu bwemba, adyo, coriander ndi tsabola.

9. Ngati pali zomwe simudya

Safunsa anadya phula. Mtedza wa walnut, pistachio ndi amondi umabisala m'ndiwo, mu mpunga ndi m'zotsekemera, choncho amene thupi lake limadana nawo apemphe wa kuhotela amulembere kapepala m'Chiperisiya koonetsa kulikonse. Osadya nyama anene kuti "bedoon-e goosht", koma adziwe kuti ena nkhuku saiwerengera ngati nyama, ndiponso kuchotsa nthuli mu msuzi amakuona ngati kwakwanira. Zodalirika ndi mirza ghasemi, kuku sabzi yemwe ndi mazira okazinga ndi masamba ochuluka, kashk-e bademjan wa mabiringanya ndi mkaka wowawasa wouma, adasi wa mphodza, ndi ash reshteh, ngakhale pa supuyi ndi bwino kufunsa ngati sanathiremo msuzi wa nyama.

10. Chakumwa ndi tiyi

Chotsitsira kabab ndi dizi ndi doogh, yogati wosungunula ndi madzi, wamchere, wothira minti wouma, wina wa gasi wina wopanda. Kumwa koyamba kumadabwitsa chifukwa lilime limayembekeza shuga. Pitirizani, pofika theka la kapu mudzamva mmene akutsukira mafuta. Mukaitanitsa doogh pamodzi ndi nsomba, musadabwe wina akakuletsani. Aperisiya ambiri amagawa zakudya m'magulu awiri, zotentha ndi zozizira, osati potengera moto koma mmene amakhulupirira kuti zimachitira m'thupi. Nsomba ndi yogati zonse n'zozizira, ndipo amati kuziphatikiza kumadwalitsa. M'mimba mukavuta adzakupatsani tiyi wa nabat, shuga wamiyala wachikasu, poti iyeyo ndi wotentha.

M'misewu muli madzi a makangaza ofinya pomwepo, madzi a karoti oponyamo ayisikilimu wa safironi, ndi sharbat wa mitundumitundu m'nyengo yotentha. Madzulo mudzaona ootcha chimanga, omwe amachiviika m'madzi amchere chikangochoka pa makala. M'nyengo yozizira amagulitsa laboo, bitiruti wowiritsa wotsekemera.

Tiyi amabwera pambuyo pa chakudya, wakuda, wopanda mkaka, m'kagalasi kakang'ono. Shuga wake ndi wamibulu, qand. Eni ake samusungunula m'kapu. Amaviika kambulu pang'ono, n'kukaika pakati pa mano kapena patsaya, tiyi n'kumadutsa pomwepo. Pa tebulo musamine, pitani kubafa. Chizindikiro chokweza chala chachikulu chinali chachipongwe kwa akuluakulu akale, ndiye poyamikira nenani kuti "khoshmazeh bood", chinali chokoma.

11. Akakuitanani, ndi pamene mukulipira

Pali mwambo wa ulemu wotchedwa taarof umene umasokoneza alendo ambiri. Munthu amene akudya pafupi nanu adzakulozerani mbale yake n'kunena kuti "befarmayid". Kawirikawiri ndi ulemu chabe. Ikani dzanja pachifuwa, nenani "mamnoon, nooshe jan", zikomo, idyani bwino. Chimodzimodzi wina akakuitanirani kunyumba kwake mutangokumana: kanani mwaulemu kawiri kapena katatu. Akaumirirabe mpaka kutchula nthawi ndi kukupatsani adiresi, ndiye kuti akunenetsa, ndipo mupite. Nyamulani bokosi la zotsekemera kapena maluwa, vulani nsapato pakhomo, ndipo ngati chakudya chayalidwa pansi pa nsalu yotchedwa sofreh, musaiponde kapena kuidumpha. Adzakuonjezerani mobwerezabwereza, choncho yambani ndi pang'ono. Mukakhuta nenani "sir shodam", ndipo wophika mumuthokoze ndi mawu akuti "dastetoon dard nakoneh", manja anu asapweteke. Bambo asayambe kupereka dzanja kwa mayi, kapena mayi kwa bambo. Dzanja pachifuwa ndi kuweramitsa mutu pang'ono ndi moni wokwanira.

M'lesitilanti pemphani bilu ponena kuti "soorat hesab, lotfan", ngakhale m'malo ambiri mumangopita ku kauntala ya pakhomo. Wolandira ndalama angakuuzeni kuti "ghabel nadareh", ngati akuti musalipire. Musatuluke. Ndi taarof yomweyo, ndipo mlendo wochoka osalipira amasiya munthu wosauka ataluza. Thokozani, funsaninso mtengo, kawiri ngati n'kofunika, adzakuuzani. Mukadya ndi mnzanu wa komweko adzalimbana nanu kuti alipire ndiye. Yesetsani moona mtima, koma akakana ndithu musakangane naye pagulu, inu mudzagule ayisikilimu kapena mudzalipire ulendo wotsatira.

Onani ngati bilu ili mu rial kapena mu toman, chifukwa makina ambiri amasindikiza mu rial ngakhale menyu inali mu toman, ndipo werengani maziro a pa ndalama iliyonse musanaipereke. Malo akuluakulu amaonjezera msonkho, ena amaonjezeranso ndalama ya sevisi. Ngati ya sevisi palibe ndipo anakusamalirani bwino, mupatseni woperekera zakudyayo kangachepe m'manja mwake. M'mashopu ang'onoang'ono a dizi, supu kapena chiwindi sayembekezera kanthu koposa mtengo wa chakudya.